Nunkhadala wa Lamba Wofiira: Kwawo, Maonekedwe Ake, ndi Zimene Amachita ku Mbewu ya Soya

Mlimi wochulukitsa mbewu sagulitsa kulemera kwa thumba kokha. Amagulitsanso lonjezo lakuti njere zimene zili m'thumbamo zikadzalidwa zidzamera. Ndi tizilombo tochepa timene timaphwanya lonjezo limeneli mwakachetechete ngati anunkhadala. Iwo sadya masamba, saboola tsinde, ndipo sasiya ndowe zooneka ngati mmene mbozi zimachitira. Amalasa khoko ndi mlomo wonga singano, nayamwa njere ili m'kati, munda n'kumaonekabe wobiriwira bwino. Vuto limadzadziwika mochedwa, mbewu ikalephera poyesedwa kameredwe kake, kapena ikamera mwa apo ndi apo m'munda wa mlimi amene anaigula.

Phunziro lino likunena za mtundu umodzi wa nunkhadala wochokera ku zilumba za Caribbean, umene akatswiri amautcha Piezodorus guildinii. Pano timutcha nunkhadala wa lamba wofiira, potengera mzere umene umadutsa pamsana pake. M'maiko a America amene amalima soya wambiri, iyeyu ali m'gulu la adani oopsa kwambiri a mbewu. Mfundo yaikulu ya phunziroli ndi yakuti anunkhadala obiriwira si amodzi onse, ndipo dzina lenileni la amene ali m'munda mwanu ndilo limakuuzani nthawi yoyenera kuchitapo kanthu.

Dzina lake ndi kwawo

Kachilomboka kanalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1837 ndi katswiri wa ku England, John Obadiah Westwood, kuchokera pa tizilombo timene tinatoledwa pa chilumba cha St Vincent, kum'mawa kwa nyanja ya Caribbean. Mbali yachiwiri ya dzinali imakumbutsa Lansdown Guilding, mbusa wobadwira pa chilumba chomwecho, amene ankafufuza zamoyo za kumeneko. Nunkhadalayu amapezekanso pa zilumba zina monga Cuba ndi Puerto Rico, koma dera lake lonse ndi lalikulu kuposa zilumbazi: limayambira ku Argentina ndi Uruguay, kudutsa Brazil ndi maiko a pakati pa America, mpaka kum'mwera kwa United States.

Kwa zaka zoposa 100 chilembedwere, kachilomboka sikankatchuka. Kanayamba kudetsa nkhawa m'zaka za m'ma 1970, pamene ulimi wa soya unakula mofulumira ku Brazil. Minda ikuluikulu ya mbewu imodzi inakapatsa chakudya chochuluka chimene sikanali nacho m'tchire. Ku United States kankadziwika kale ku Florida ndi madera oyandikana nawo popanda kuvutitsa kwenikweni, koma kuyambira cha m'ma 2000 kanachuluka m'minda ya soya ya ku Louisiana mpaka kuposa mitundu ina ya anunkhadala, ndipo kenako kanafalikira ku Texas, Mississippi ndi Arkansas.

Chimene chimaika malire a dera lake ndi kuzizira. Nunkhadalayu ndi wa kumadera otentha, ndipo chisanu choumitsa madzi chikakhalitsa ambiri amafa. N'chifukwa chake alimi a kum'mwera kwa United States amamuona wochuluka pambuyo pa nyengo yozizira yofatsa, ndipo amachepa pambuyo pa nyengo yozizira yoopsa. Mfundo imeneyi itikhudza, pakuti madera ambiri olima soya m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete alibe chisanu chotero.

Zomera zimene amakhalamo

Mosiyana ndi nunkhadala wobiriwira wamba, amene amadya zomera za mabanja ambiri, uyu amakonda kwambiri zomera za gulu la nyemba. Kuwonjezera pa soya, amapezeka pa nyemba, khobwe, nandolo, msipu wa alfalfa ndi clover, ndiponso pa zomera zam'tchire za mitundu ya Indigofera, Crotalaria ndi Sesbania. Ku Florida ndi kum'mwera kwa Brazil, Indigofera ndi imodzi mwa zomera zimene zimamusunga soya akachoka m'munda.

Moyo wake m'chaka umayenda motsata makoko anthete. Soya asanayambe maluwa, amakhala m'zomera zam'mbali mwa minda. Makoko akayamba kupangika, akuluakulu amauluka kulowa m'munda, kuyambira m'mizere ya m'mphepete, naikira mazira. Nyengo ikakhala yotentha, dzira limafika pokhala nunkhadala wamkulu m'mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, choncho m'chaka chimodzi mumabadwa mibadwo ingapo. Soya wofulumira kucha akakololedwa, onse amasamukira m'minda imene ikadali yaiwisi. Ndiye chifukwa chake munda wodzalidwa mochedwa, kapena wa mtundu wochedwa kucha, umalandira tizilombo ta minda yonse yozungulira.

Mndandanda wa zomerazi si wachilendo kwa ife. Nandolo amakhala m'minda yathu miyezi ingapo mbewu zina zitakololedwa. Jerejere, amene ndi mtundu wa Sesbania, amadzalidwa pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Crotalaria ndi Indigofera zimamera zokha m'mbali mwa misewu ndi m'minda yogonera. Ndipo ena mwa inu mumachulukitsa soya kapena nyemba m'nyengo yachilimwe pothirira. Kachilombo kalikonse koyamwa makoko kangapeze chakudya kuno pafupifupi chaka chonse.

Kuzindikira wamkulu

Nunkhadala wa lamba wofiira ndi wamng'ono. Kutalika kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi, ndipo thupi lake ndi lowonda poyerekeza ndi anzake. Mtundu wake ndi wobiriwira motuwirako ndi wonyezimira, ndipo akamakalamba amasanduka wachikasu pang'ono. Kumbuyo kwa mutu kuli chigawo chotambalala chonga chishango. M'munsi mwa chigawo chimenechi, kuchokera phewa lina kufika lina, ndimo mumadutsa lamba uja.

Koma lambayo paokha si umboni wokwanira. Pa ena amakhala wofiira kwambiri, pa ena wotumbuluka mpaka kuoneka wachikasu kapena wofiirira, ndipo ilipo mitundu ina ya anunkhadala imene ili ndi mzere wofanana nawo. Chizindikiro chodalirika chili kumimba. Gwirani kachilomboko, mukatembenuze chagada, ndipo muyang'ane pakati pa miyendo iwiri yakumbuyo. Mudzaona munga wautali, wosongoka, wochokera kumayambiriro kwa mimba n'kuloza kumutu, wodutsa pakati pa miyendo yakumbuyo mpaka kufika cha pa miyendo yapakati. Ndi galasi lokuzira zinthu kakhumi umaoneka bwino lomwe, ndipo wa maso akuthwa angauone popanda galasi. Nunkhadala wobiriwira wamba ali ndi kachotupa kakafupi, kobulungira, pamalo pomwepo.

Khalidwe lake nalo limathandiza. Ndi wochenjera ndi wofulumira kuuluka. Mukagwedeza soya, iye amauluka kapena kudzigwetsa pansi msanga, ndipo dzuwa likatentha amatsikira m'munsi mwa zomera. Amene amangoyang'ana masamba apamwamba masana angaganize kuti m'munda mulibe kanthu.

Mazira ndi tiana

Nthawi zambiri mazira ndiwo amaulula msanga kuposa akuluakulu, chifukwa sathawa. Mazira a Piezodorus guildinii ndi akuda, ooneka ngati timigolo ting'onoting'ono tokhala ndi mzere woyererako m'mbali. Amaikidwa m'mizere iwiri yogundana, mazira pafupifupi 15 pa gulu limodzi, makamaka pa makoko penipeni, ngakhale amapezekanso pa masamba ndi pa tsinde. Mazira a nunkhadala wobiriwira wamba ndi osiyana kotheratu: ndi oyera mwachikasu, amasanduka ofiirira akatsala pang'ono kuswa, ndipo amaikidwa ambirimbiri m'mizere yochuluka yopanga chithunzi chonga chisa cha njuchi, kunsi kwa tsamba.

Tiana tikaswa timakhala takuda ndi tofiira, ndipo timaunjikana pa zikhokhombe za mazira osayamwa chomera. Timafundula kasanu tisanakhale akuluakulu. Tikamakula timasanduka tobiriwira, tokhala ndi mabanga akuda ndi ofiira pakati pa msana. Tiana ta nunkhadala wamba timadziwika ndi mizere ya timadontho toyera pamsana. Kuyambira pa kufundula kwachiwiri kupita m'tsogolo, pamene tafika pafupifupi theka la sentimita, tiana timayamba kuononga njere ngati akuluakulu, choncho powerenga sitiyenera kusiyidwa.

Ofanana naye amene tili nawo kuno

Woyamba ndi Nezara viridula, nunkhadala wobiriwira wamba amene tamutchula kale. Akatswiri amakhulupirira kuti kwawo ndi kum'mawa kwa Africa, cha ku Ethiopia, ngakhale tsopano ali m'maiko otentha onse, ndi ku Caribbean komwe. Ndi wamkulu, wa mamilimita 12 kufika 15 kapena kuposerapo, wobiriwira kwambiri ndi wosanyezimira. Pamwamba pa chigawo cha makona atatu cha pamsana pali timadontho titatu toyera tondondozana. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ena a mtundu womwewu amabadwa ndi mzere wachikasu pamutu ndi kutsogolo kwa mapewa. Mzere umenewo uli kutsogolo, pamene lamba wa mnzake uja ali kumbuyo kwa chishango, ndipo kutembenuza kachilomboko kumathetsa mkangano.

Achiwiri ndi oyamwa makoko a khobwe ndi nandolo, monga Clavigralla, Riptortus ndi Anoplocnemis. Awa ndi ofiirira kapena akuda, a thupi lalitali ndi miyendo yaitali, ena a ntchafu zotupa kapena zaminga. Amaononga mofananamo, koma sangasokonezedwe ndi nunkhadala wobiriwira.

Achitatu ndi nsensenya zimene anthu amadya, zomwe ku Zimbabwe amazitcha harurwa. Izi ndi zazikulu kwambiri kuposa anunkhadala obiriwira aja, ndipo zimasonkhana m'mitengo m'nyengo yozizira.

Achinayi ndiwo ovuta: abale ake enieni. Gulu la Piezodorus lili ndi mitundu ina muno mu Africa ndi ku Asia, monga Piezodorus hybneri amene amaononga soya ku Asia, ndipo imeneyi nayo ndi yaying'ono, yobiriwira, ya lamba pamapewa ndi munga kumimba. Zolemba za akatswiri a ku Nigeria zimatchulanso dzina la Piezodorus guildinii pakati pa tizilombo ta soya. Choncho munga wa kumimba umakufikitsani pa gulu la Piezodorus. Kusiyanitsa mtundu ndi mtundu m'gululi ndi ntchito ya katswiri wa tizilombo amene ali ndi makina okuzira zinthu. Kwa mlimi wa mbewu, kufika pa gululo n'kokwanira kuti achenjere ndi kutumiza chitsanzo.

Chifukwa chake dzina lili lofunika

Anunkhadala onse amayamwa mofanana: amalowetsa mlomo m'khoko, nathira malovu osungunula mnofu wa njere, kenako n'kuyamwa. Koma kafukufuku wa ku Brazil, makamaka wa bungwe la Embrapa Soja la mumzinda wa Londrina, anasonyeza kuti bala la Piezodorus guildinii limalowa mozama ndi kuononga mnofu wochuluka kuposa la Nezara viridula ndi la nunkhadala wofiirira wa kumeneko, Euschistus heros. Wamng'onoyu ndiye woononga kwambiri.

Zotsatira zake zimadalira msinkhu wa khoko. Likalasidwa lili lanthete, limayoyoka kapena kukhala lopanda njere. Likalasidwa njere zikudzaza, njerezo zimakwinyika, zimachepa, ndipo zimakhala ndi mabanga. Likalasidwa mochedwa, njere imaoneka yabwino kunja, koma m'kati muli bala. Ndipo balalo likagwera pa kamluza, kamene kamatulutsa muzu ndi mphukira, njereyo singamerenso. Apa ndi pamene akuluakulu amati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mlomo wa nunkhadala umalowetsanso tizilombo ta matenda, monga yisiti yotchedwa Eremothecium coryli imene imasiya mabanga pa njere. Kuwonjezera apo, soya wolasidwa kwambiri sakhwima pamodzi: makoko amauma koma tsinde ndi masamba zimakhalabe zaziwisi, zimene zimavutitsa pokolola ndi poumitsa.

Kusiyana kumeneku kumaoneka pa malire opoperera mankhwala. Ku Louisiana, kumene amawerenga ndi ukonde wokokola tizilombo, malire a anunkhadala ena ndi 36 pa kukokola 100, koma a uyu ndi 16 okha. Ku Brazil, kumene amagwiritsa ntchito nsalu, malire ndi anunkhadala awiri pa mita imodzi ya mzere m'munda wa soya wogulitsa, koma mmodzi yekha pa mita m'munda wa mbewu. Manambalawa ndi a maiko amenewo, ndipo malire oti mutsate ndi amene alangizi ndi oyendera minda ya mbewu a dziko lanu akupatsani. Phunziro lake ndilo lofunika: mtundu woopsa umafuna kuchitapo kanthu msanga, ndipo munda wa mbewu umapirira theka lokha la zimene munda wamba ungapirire.

Ogulitsa zipangizo zaulimi adziwenso kuti ku United States kunapezeka kuti nunkhadalayu safa msanga ndi mankhwala ena amene amapha Nezara viridula mosavuta. Mlimi akabwera kudandaula kuti wapopera koma anunkhadala akadalipo, yankho si kumuuza kuti aonjezere mlingo. M'funseni kuti anapopera nthawi yanji, ngati mankhwala anafika m'munsi mwa zomera, ndipo m'pempheni abweretse tizilomboto kuti muone mtundu wake. Gulitsani mankhwala okhawo ovomerezeka pa soya m'dziko lanu, ndipo mulimbikitse kusinthasintha magulu a mankhwala. Kupopera kosafunika soya asanayambe makoko kumapha timavu ting'onoting'ono monga Telenomus podisi ndi abale ake, timene timaikira mazira m'mazira a anunkhadala n'kuwapha asanaswe.

Kuwerenga m'munda

Nthawi yoopsa imayamba makoko akayamba kupangika ndipo imatha njere zikakhwima. Kwa soya wodzalidwa mu Disembala, imeneyi ndi miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. M'nyengo imeneyi yenderani munda kamodzi pa sabata, m'mawa dzuwa lisanatenthe.

Tengani nsalu yoyera kapena thumba loyera long'ambidwa, lotalika mita imodzi, ndipo mumangirire ndodo m'mbali zake ziwiri. Yandikirani mzere mosagwedeza zomera, yalani nsaluyo m'munsi mwake, weramitsirani soya wa mzere umodzi pamwamba pa nsalu, ndipo mum'gwedeze mwamphamvu. Werengani akuluakulu poyamba chifukwa amathawa, kenako tiana tofika theka la sentimita kapena kuposerapo. Chitani zimenezi pamalo osachepera asanu ndi limodzi m'munda waung'ono, ndi ochulukirapo m'munda waukulu, ena m'mphepete, ena pakati. Lembani mitundu payokhapayokha, ndi tsiku, ndi msinkhu wa soya. Yang'ananinso makoko ngati pali mizere iwiri ija ya mazira akuda. Ngati tizilombo tachuluka m'mphepete mokha, kupopera mizere ya m'mphepeteyo kungakwanire, ndipo ndalama zimapulumuka.

Musaiwale zomera zozungulira munda. Nandolo, khobwe kapena jerejere woyandikana ndi munda wa mbewu ayenderedwe pamodzi ndi soyayo, ndipo soya womera yekha pambuyo pokolola azulidwe.

Mbewu ikafika m'nkhokwe

Nunkhadala sakhala m'njere youma ngati nankafumbwe. Thumba la mbewu yopetedwa bwino limanyamula mabala ake, osati iye mwini. Njira imene anunkhadala amawolokera nyanja ndi kubisala m'makontena, m'makina ndi m'zinyalala za zomera, monga anachitira nunkhadala wa ku Asia, Halyomorpha halys, amene anapezeka ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1990. Choncho amene mumaitanitsa mbewu, makina okololera ogwiritsidwapo kale ntchito kapena katundu wina kuchokera ku South America, onetsetsani kuti pali chikalata cha zaumoyo wa zomera, ndipo muyang'ane m'makona mwa kontena musanatsitse.

Pofuna kudziwa chimene chaononga kameredwe ka mbewu, pemphani kuti iyesedwe ndi mankhwala a tetrazolium. Njere zimanyowetsedwa, n'kuviikidwa m'mankhwalawo, ndipo mnofu wamoyo umasanduka wofiira. Bala la nunkhadala limaoneka lozungulira, loyererako kapena lotuwa pakati, lolowa m'kati, lozingidwa ndi mzere wofiira kwambiri. Limasiyana ndi ming'alu yobwera pomenya soya, ndiponso ndi makwinya obwera chifukwa cha mvula yogwa soya atauma kale. Zotsatira zimatuluka m'masiku awiri, ndipo zimathandiza kampani ndi mlimi kudziwa pamene panalakwika m'malo molozana zala.

Mukapeza wokayikitsa

Dera lathu laphunzira kale kuti tizilombo ta ku America tikafika sitibwerera. Nankafumbwe wamkulu anafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mbozi ya fall armyworm inaoneka ku West Africa mu 2016, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2017 inali m'minda ya chimanga ya kum'mwera kwa Africa. Kachilombo kachilendo kamayamba kuonekera m'munda wa munthu wina, ndipo phindu limakhalapo ngati munthuyo wanena msanga.

Mukapeza nunkhadala wamng'ono wobiriwira wa munga wautali kumimba, gwirani angapo, muwaike m'kabotolo ka sipiliti, ndipo mazira muwasunge pamodzi ndi khoko lake m'kapepala kouma. Jambulani ndi foni kumsana ndi kumimba musanawaviike, chifukwa sipiliti imasintha mtundu wobiriwira. Lembani ndi pensulo malo, tsiku, mbewu ndi mtundu wake. Perekani kwa mlangizi kapena woyendera minda ya mbewu kuti akafikitse kumalo a kafukufuku: ku Chitedze kapena ku Bvumbwe m'Malawi, ku Mount Makulu m'Zambia, kapena ku IIAM m'Mozambique.

Zida zofunika pa ntchito yonseyi ndi nsalu yoyera, galasi lokuzira zinthu, kabotolo ndi kabuku kolembamo. Sitolo iliyonse yogulitsa mbewu ya soya ingathe kusunga zimenezi pa kauntala, ndipo mlimi aliyense wochulukitsa mbewu angathe kuzinyamula polowa m'munda mwezi wa Febuluwale ukubwerawu.